Mukufuna kukaphunzira kunja? Ntchito yake yambani mukadali pa yunivesite

Achinyamata a pa yunivesite akamva kuti digiri yanga yachiwiri ndinakachitira ku Germany, funso lawo loyamba limakhala limodzi: "Sikolashipu munaipeza bwanji?" Ndimawayankha ndithu, koma ndimawauzanso kuti funsolo lafulumira. Ndalama zimabwera kumapeto, munthu atakonza kale zinthu zina zambiri, ndipo zinthuzo zimakonzeka mosavuta mukadali pasukulu, pamene aphunzitsi anu akukuonani tsiku ndi tsiku, ofesi yosunga magiredi ili pafupi, ndipo mukadali ndi mpata wosankha maphunziro amene mutenge. Mukangovala gauni n'kuchoka, kanthu kakang'ono kalikonse kamafuna imelo, ulendo ndi kudikira.

Njira zopitira kunja zilipo zingapo, ndipo sizifanana kulemera kwake. Ina ndi yopita kwa semesita imodzi kapena ziwiri mukadali pa digiri yoyamba, kudzera mu mgwirizano wa yunivesite yanu ndi ina yakunja. Ku Ulaya zoterezi zimayenda kwambiri pansi pa Erasmus, pulogalamu ya European Union yosinthana ophunzira yomwe inayamba mu 1987, ndipo masiku ano ili ndi gawo lothandiza ophunzira ochokera m'maiko a kunja kwa Ulaya. Mipata imeneyi simuipeza pa intaneti. Ili mu ofesi yoona za ubale ndi mayunivesite akunja pasukulu panu pomwepo, ndipo nthawi zambiri imalengezedwa mwakachetechete. Mnzanga wina anapita mwa njira imeneyi, ndipo chimene chinamupulumutsa chinali pepala limodzi losainidwa ndi masukulu onse awiri asananyamuke, lonena maphunziro amene akatenge kumeneko ndi amene adzalowe m'malo mwake kwawo. Popanda pepala limenelo mutha kubwerako ndi magiredi abwino koma n'kuuzidwa kuti mubwereze semesita yonse. Njira ina ndi yochita digiri yoyamba yonse kunja, imene ndi yodula ndipo thandizo lake ndi lochepa, ngakhale Mastercard Foundation Scholars Program, imene inayamba mu 2012, imalipirira achinyamata ambiri a mu Africa pa mayunivesite monga Ashesi, Makerere, Cape Town ndi Edinburgh. Njira imene ili ndi makomo ambiri ndi ya digiri yachiwiri, ndipo ndi imene ine ndinadutsamo.

Ndinayamba kuwerenga za mapulogalamu a masters ndili chaka chachitatu. Sindinayambe ndi dziko. Ndinayamba ndi phunziro, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikufuna kuzama pa za madzi a pansi pa nthaka. Nditatsegula masamba a mapulogalamu angapo ndinaona chinthu chimene palibe anandiuzapo: mayunivesite ambiri a ku Ulaya, makamaka a ku Germany, sangoyang'ana kuti mwakhoza bwino. Amawerenga zimene munaphunzira phunziro ndi phunziro. Amalemba poyera kuti akufuna makirediti akutiakuti a masamu, akutiakuti a chemistry, akutiakuti a statistics. Muyeso wawo ndi ECTS, ndipo chaka chimodzi chathunthu cha maphunziro ndi makirediti 60, kirediti imodzi kukhala maola 25 mpaka 30 a ntchito ya wophunzira. Nditawerengera anga ndinapeza kuti pa statistics ndinali woperewera. Popeza ndinali ndikadali pasukulu, m'chaka chomaliza ndinasankha phunziro limenelo m'malo mwa lina limene anzanga ankalithamangira chifukwa linali lofewa. Ndikanazindikira zimenezi nditamaliza, pakanakhala palibe chochita.

Pa chifukwa chomwechi sungani mapepala onse amene aphunzitsi amagawa kumayambiriro a semesita, ofotokoza mitu ya phunziro, maola ake ndi mabuku ake. Ambiri timawataya. Komiti yosankha ophunzira ikafuna umboni wakuti phunziro lanu lakuti likufanana ndi lawo, imapempha mapepala amenewa, ndipo kuwapeza patapita zaka zitatu, mphunzitsi wake atasamuka kapena silabasi itasintha, ndi ntchito yowawa.

Kenako pali anthu okuchitirani umboni. Mapulogalamu ambiri amafuna makalata awiri kapena atatu, imodzi kapena ziwiri zochokera kwa aphunzitsi a pa yunivesite. Mphunzitsi amene amaima kutsogolo kwa kalasi ya anthu mazana sangakumbukire aliyense. Kalata yonena kuti "anali wolimbikira ndi wakhalidwe labwino" imawerengedwa n'kuiwalika pomwepo, chifukwa aliyense ali nayo yotero. Kalata imene imagwira ntchito ndi ya munthu amene angathe kunena kuti wophunzirayu anachita kafukufuku wakuti, anakumana ndi vuto lakuti, analithetsa motere. Munthu woteroyo kawirikawiri ndi amene anakuyang'anirani pa projekiti ya chaka chomaliza. Ine projekiti imeneyo ndinaiona ngati chiyambi cha fomu yanga. Ndinkapita kwa ondiyang'anira ndi mafunso enieni, ndinkabweza zimene andikonza m'nthawi yake, ndipo ndisanachoke ndinawauza mwaulemu kuti m'tsogolo ndidzawapempha kalata. Nthawi itakwana ndinawatumizira CV, kope ya projekiti, dzina la pulogalamu ndi tsiku lotsekera, kudakali mwezi ndi theka. Dziwaninso kuti masiku ano makalata ambiri sadutsa m'manja mwanu. Yunivesite imatumiza linki ku imelo ya mphunzitsiyo, ndipo ena amafuna imelo ya kuntchito osati ya Gmail. Linkiyo imatha kugwera mu spam. Kukumbutsa ndi udindo wanu.

Musanachoke pasukulu pemphani makope angapo a pepala la magiredi anu onse, odindidwa ndi kusainidwa, komanso kalata yonena kuti maphunziro anu anachitika m'Chingerezi ngati ndi mmene zinalili. Pemphaninso pepala lofotokoza mmene yunivesite yanu imaperekera magiredi, chifukwa 65 pa 100 kwina ndi giredi yapamwamba pamene kwina ndi ya pakati, ndipo amene akuwerenga fomu yanu sangalote. Maiko ena amafuna chidindo chotsimikizira kuti mapepala anu ndi enieni, chotchedwa apostille, cha pangano la ku Hague la 1961. South Africa imafuna kuti digiri yakunja iyambe yaunikidwa ndi SAQA, bungwe lawo lounika madigiri. Mayunivesite ambiri a ku Germany amatumiza mafomu a alendo ku uni-assist, ofesi younika mafomuwo m'malo mwawo, imene imalipiritsa pa fomu iliyonse ndipo imatenga masabata angapo. Palibe chimodzi mwa izi chimene mungachifulumizitse ndi kupempha.

Tsopano nkhani imene imakhumudwitsa ambiri: zaka ziwiri za ntchito. Masikolashipu akuluakulu ambiri sakufuna munthu amene wangotuluka kumene m'kalasi. Chevening ya boma la Britain, imene inayamba mu 1983, imafuna maola 2,800 a ntchito, zomwe ndi pafupifupi zaka ziwiri. Sikolashipu ya Swedish Institute imafuna maola 3,000. DAAD, nthambi ya ku Germany yopereka masikolashipu, pa gawo lake la maphunziro okhudza chitukuko lotchedwa EPOS, imafuna zaka ziwiri za ntchito yogwirizana ndi phunzirolo mutalandira digiri yoyamba, ndipo kawirikawiri digiriyo isakhale yoposa zaka zisanu ndi chimodzi. Poyamba zimenezi zimamveka ngati mpanda. Ine ndimaziona mosiyana: zaka ziwirizo ndi mbali ya dongosolo. Ndi m'zaka zimenezo mmene mumapeza chonena. Ndinagwira ntchito ku bungwe lina loyeza ndi kuyang'anira zitsime, ndipo kumeneko ndinaona ndi maso anga kuti tinkatolera manambala ambiri a kuya kwa madzi koma panalibe wodziwa kuwagwiritsa ntchito polosera zimene zidzachitike chilimwe chikatalika. Kalata yanga yofotokoza chifukwa chofunira maphunzirowo inachokera pamenepo. Sindinalembe kuti ndakhala ndikulakalaka kuthandiza dziko langa kuyambira ndili mwana, mawu amene makomiti awawerenga mpaka kutopa. Ndinalemba vuto limene ndinaliona, luso limene ndinalibe, ndi maphunziro awiri a m'pulogalamu yawoyo amene amaphunzitsa luso limenelo, ndikuwatchula maina. Munthu amene akuwerenga makalata mazana amazindikira msanga amene wawerengadi tsamba la pulogalamu ndi amene wangosintha dzina la yunivesite pa kalata imodzimodziyo.

Pamene mukugwira ntchito, pemphani kalata kwa bwana aliyense musanasiye, yonena tsiku loyamba, tsiku lomaliza, udindo wanu ndi maola a pa sabata. Mabungwe ang'onoang'ono amatsekedwa, mabwana amasamuka.

Ngati simukufuna kudikira, makomo alipo. Mapulogalamu ambiri a Erasmus Mundus, omwe ndi a masters othandizidwa ndi European Union, safuna zaka za ntchito, ndipo ena amalola kufunsira muli chaka chomaliza bola mudzakhale mutamaliza maphunzirowo asanayambe. Pulogalamu iliyonse imayendetsedwa ndi mayunivesite angapo, mumaphunzira m'maiko osachepera awiri, ndipo wopatsidwa sikolashipu amalandira mayuro 1,400 pa mwezi, fizi n'kumulipiriranso padera. Mpikisano wake ndi woopsa, komanso kusamuka semesita iliyonse, kufuna nyumba yatsopano ndi chilolezo chokhalira chatsopano, si aliyense angakupirire. Boma la Japan lili ndi sikolashipu ya MEXT, imene mumafunsira kudzera ku ofesi ya kazembe ndipo imafuna pulani ya kafukufuku yomveka. Turkey ili ndi Türkiye Bursları, imene imayamba ndi chaka chophunzira chilankhulo chawo. Hungary ili ndi Stipendium Hungaricum kuyambira mu 2013, koma imadalira ngati dziko lanu lili pa mgwirizano nawo. America ili ndi Fulbright kuyambira mu 1946. Ndipo kwa amene sangasiye ntchito kapena banja, Commonwealth ili ndi masikolashipu ophunzira muli kwanu kudzera pa intaneti ndi mayunivesite a ku Britain. Ena amainyoza njira imeneyi chifukwa mulibe ndege, koma digiri yake ndi yomweyo.

Kalendala ndi imene imagwetsa anthu anzeru. Ku Ulaya ndi ku North America chaka cha maphunziro chimayamba mu August, September kapena October, koma mafomu a sikolashipu amatsekedwa pafupifupi chaka chathunthu m'mbuyo. Chevening imatsegula cha mu August n'kutseka cha mu October kapena kumayambiriro a November. Erasmus Mundus ili pakati pa October ndi January. Ku Sweden fomu ya yunivesite imatsekedwa pakati pa January ndipo ya sikolashipu mu February; Hungary imatseka pakati pa January, Turkey mu February. Ku South Africa ndi Australia chaka chimayamba cha mu February, choncho zonse zimasuntha. Munthu amene wayamba kufufuza mu April kuti apite mu September wachedwa kale pa masikolashipu ambiri. Ine ndinalemba tsiku lotsekera la pulogalamu iliyonse, kenako n'kuwerengera chobwerera: makalata a umboni apemphedwe liti, mayeso a Chingerezi alembedwe liti, pasipoti ikonzedwe liti. Pasipoti imene yatsala ndi chaka chimodzi ikonzeni tsopano, chifukwa nambala yake imalowa m'mafomu ndi m'makalata okuitanani, ndipo kuisintha pakati pa ulendo kumasokoneza.

Za mayeso a Chingerezi, IELTS imayesa kumva, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula, magiredi ake amafika pa 9, ndipo mapulogalamu ambiri a masters amafuna 6.5 popanda gawo lotsika kuposa 6.0. Zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, ndiye kulemba muli chaka chachitatu pamene mudzafunsira mutagwira ntchito zaka ziwiri ndi kutaya ndalama. Anthu amene aphunzira m'Chingerezi moyo wawo wonse amadabwa kuona kuti gawo la kulemba lawatsitsa. Si kuti sadziwa chilankhulo. Mayesowo ali ndi kalembedwe kake ndi nthawi yothina, ndipo amafuna kuyeserera ndi wotchi pambali. Mayunivesite ena amavomereza kalata ija yonena kuti munaphunzira m'Chingerezi, ena ayi. Funsani pa imelo, ndipo yankho lisungeni.

Ena mwa malo amene ndinafunsira anandikana, ena osanena n'chifukwa chomwe. Amene anandilandira anali a pulogalamu imene ndinaitengera nthawi yaitali kuiwerenga.

Pa ndalama, werengani bwino mawu akuti "sikolashipu". Yunivesite itha kukulemberani kalata yokongola kuti yakuchotserani gawo lina la fizi, n'kukusiyirani ngongole imene banja lanu silingaikwanitse. Funsani zinthu izi chimodzi chimodzi: fizi, ndalama ya pa mwezi, ndege, inshulansi ya chipatala, viza. Mumvanso anthu akunena kuti ku Germany sukulu ndi yaulere. Ndi zoona kuti mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi, koma chigawo cha Baden-Württemberg chakhala chikulipiritsa ophunzira ochokera kunja kwa European Union mayuro 1,500 pa semesita kuyambira mu 2017, ndipo kulikonse pali kandalama ka pa semesita kolipirira ntchito zothandiza ophunzira. Chachikulu ndi chakuti wodzilipirira yekha amayenera kuika ndalama ya chaka chonse mu akaunti yotsekedwa asanapatsidwe viza. Kuyambira mu September 2024 ndalamayo ndi mayuro 11,904, ndipo banki imakutulutsirani 992 yokha pa mwezi. Kalata ya sikolashipu yokwanira imalowa m'malo mwa akaunti imeneyi. Sweden inayamba kulipiritsa alendo mu 2011, Norway mu 2023, choncho nkhani za "sukulu yaulere" zimene mungamve kwa amene anapita kale zionetsetseni. Ku Britain, kuwonjezera pa viza, wophunzira amalipira mapaundi 776 pa chaka a zachipatala kuyambira mu 2024, ndipo ndalama zosonyeza kuti mungadzisamale ziyenera kukhala mu akaunti masiku 28 otsatizana. Kubwereka kwa achibale dzulo n'kusindikiza sitetimenti lero sikugwira.

Ena amawerengera kuti akafika akagwira ganyu n'kumalipira fizi. Malamulo amaika malire: ku Britain ndi maola 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, ku Germany ndi masiku 140 athunthu pa chaka kuyambira mu March 2024. Ndalama imeneyo imathandiza pa lendi ndi chakudya. Pa fizi ya ku Britain siifika n'komwe, ndipo ndinaona anzanga akugona m'kalasi chifukwa cha mashifiti a usiku.

Ngakhale muli ndi sikolashipu yonse, mwezi woyamba muyende ndi ndalama yanu. Ku Germany ndinayenera kulembetsa komwe ndikukhala ku ofesi ya mzinda, zimene lamulo limati zichitike m'masabata awiri, kenako kutsegula akaunti ya banki, ndipo ndalama ya pa mwezi inayamba kulowa zonsezi zitatha. Koma mwini nyumba amafuna chikole chake pa tsiku loyamba, ndipo lamulo limamulola kupempha mpaka lendi ya miyezi itatu. Nyumba za ophunzira ndi zotsika mtengo koma mzere wake ndi wautali. Lembetsani tsiku lomwelo limene mwalandira kalata yokuitanani, musadikire viza. Nayonso nthawi yokaonekera ku ofesi ya kazembe ipempheni msanga, chifukwa miyezi ya June mpaka August aliyense amakhala akufuna yomweyo.

Za maejenti ndinene mwachidule. Alipo achilungamo amene amalipidwa ndi mayunivesite, koma kumbukirani kuti amakukankhirani kumene kuli komishoni yawo. Chevening, DAAD ndi MEXT sizigulitsidwa ndipo mumafunsira nokha. Aliyense wokuuzani kuti mulipire kuti akusungireni malo a sikolashipu ndi wakuba. Onetsetsaninso kuti yunivesiteyo ndi yovomerezeka m'dziko lakelo, ndipo ngati mukuchita za udokotala, za malamulo, za unamwino kapena za uinjiniya, funsani bungwe lopereka zilolezo kwanu ngati lidzavomereze digiriyo. Funsani musanapite.

Moyo wa m'kalasi unandidabwitsa kuposa kuzizira. Maphunziro ambiri analibe matesiti a pakati; giredi yonse inkachokera pa mayeso amodzi kumapeto, ndipo mipata yobwereza inali yowerengeka, kawirikawiri itatu, ikatha basi mwachotsedwa pa pulogalamu. Palibe amene ankaitana maina kapena kukufunsani ngati mwawerenga. Aphunzitsi ankayembekezera kuti muwatsutse m'kalasi ngati muli ndi chifukwa, chinthu chimene chinanditengera nthawi kuzolowera. Kukopera chiganizo cha munthu wina osamutchula ndi mlandu waukulu, ndipo mapepala amadutsa m'makina ofufuza zimenezo. Mu December dzuwa linkalowa cha m'ma 4 koloko masana, ndipo kusungulumwa kunkabwera nthawi yomweyo. Chinandithandiza ndi gulu lowerengera limodzi ndi kalasi ya Chijeremani ya madzulo. Pulogalamu yanga inali ya m'Chingerezi, koma kalata zochokera ku ofesi ya mzinda, ku inshulansi ndi kwa mwini nyumba zinkabwera m'Chijeremani, ndipo ntchito zoyeserera zabwino zinkapita kwa amene ankatha kulankhula ngakhale pang'ono. Chilankhulo cha dziko limene mukupita chiyambeni mukadali kwanu.

Amene muli pabanja kambiranani kudakali nthawi. Kuyambira mu January 2024 Britain salola ophunzira ambiri a masters ya m'kalasi kubwera ndi mabanja awo, kupatula ochita digiri za kafukufuku ndi olipiridwa ndi boma. Kwina amalola, koma amafuna umboni wa ndalama zowonjezera ndi nyumba yokwanira, ndipo ndalama ya sikolashipu inawerengedwa pa munthu mmodzi. Werenganinso zimene mukusainira: Chevening imafuna kuti mubwerere kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri mukamaliza, ndipo mabwana ena amene amakupatsani tchuthi cha maphunziro amakumangani kuti mudzawagwirire ntchito zaka zingapo, apo ayi mubweze ndalama.

Mukamaliza musakwere ndege mapepala asanakwane. Satifiketi imatha kutuluka patapita miyezi mutapereka thesis, ndiye pemphani kalata yotsimikiza kuti mwamaliza, ndipo siyani adiresi yodalirika kapena munthu wololedwa kukutengerani. Ku Ulaya pemphaninso Diploma Supplement, pepala lofotokoza mlingo wa digiri yanu ndi mmene magiredi awo amayendera, chifukwa ndi limene olemba ntchito ndi mabungwe ounika madigiri kwanu adzalifune. Kenako lembetsani ku ofesi ya mzinda kuti mwasamuka, thetsani inshulansi ndi makontirakiti a foni, koma akaunti ya banki isiyeni yotsegula mpaka chikole cha nyumba chitabwezedwa.